Bondo la Sebastiano

Sebastiano Alufazema anafika ku Bangula ali kumsana kwa mayi ake, amene anawoloka Shire pothawa chibalo cha Apwitikizi. Kutsidyako sankakudziwa n'komwe. Anakulira pa Bangula, anabatizidwa pomwepo, n'kukwatira Rute, mwana wa msodzi wa ku Makhanga. Ntchito yake inali yosenza mabelo a thonje, koma chimene ankadziwika nacho ndi miyendo. Ali mnyamata ankapikisana ndi sitima ikamanyamuka pa siteshoni, anthu a m'mawindo akumuwombera m'manja.

Amene anamukokera ku mipikisano ndi a Goodwell, aphunzitsi oyang'anira zamasewera pa sukulu ina ya komweko. Chaka cha 1986 Sebastiano anadyetsa fumbi othamanga onse a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ndipo anatengedwa kupita ku kampu ku Blantyre kukakonzekera mpikisano wa dziko lonse. Kumeneko anaona zakuda. Munthu wa kuchigwa, wozolowera nthaka yoyalika ngati mphasa, ankamukweza mapiri m'mamawa, masana kuzungulira bwalo, madzulo mapiri omwewo. Zikhadabo za kumapazi zinada n'kuthothoka. Bondo lamanzere linatupa. Wowaphunzitsa ataligwira anati apite kwawo akapume kaye.

"Koma usakangokhala," anatero. "Madzulo kukazizira uzikathamanga pang'onopang'ono, liwiro loti ukhoza kumacheza ndi munthu. Bondo likaphwa ubwere."

Inali nthawi ya masika. Madzi anali akubwerera kudambo, mapira akucha, thonje litayamba kuyera m'minda. Dzuwa likapendeka Sebastiano ankavala kabudula ndi nsapato zansalu zimene anapatsidwa ku kampu, n'kulowa kanjira kodutsa m'minda kulowera kudambo. Sankafulumira. Ankapatukira ng'ombe zobwerera kukhola, kupereka moni kwa amayi osenza mapira, kufika pamene asodzi ankawamba milamba, n'kutembenuka. Matope anali atauma pamwamba koma ofewa pansi, okoma kupondapo. Tsiku ndi tsiku bondo linkapepuka. Ankafika kunyumba thukuta lili pang'ono chabe, n'kuuza Rute kuti thupi layamba kumumvera.

Koma zaka zimenezo kutsidya kunali nkhondo. Mfuti zinkamveka mphepo ikachokera kummawa, othawa kwawo ankafika ndi mitolo pamutu, ndipo aliyense ankayang'ana mnzake ndi diso limodzi.

Tsiku lina pobwerera anapeza kanjira katatsekedwa. Panali anyamata a chipani atanyamula ndodo, ndipo patsogolo pawo panaima Andrea, wapampando wa nthambi ya m'deralo. Awiriwa anakulira limodzi, ankaweta ng'ombe dambo limodzi.

"Ima pomwepo! Ukuchokera kuti?" anafunsa Andrea.

"Kudambo, a tcheyamani. Ndikungowongola miyendo."

"Akukuthamangitsa ndani?"

"Palibe."

"Munthu wamkulu, wapabanja, kumathamanga madzulo alionse popanda womuthamangitsa? Ndipo bwanji kulowera kumtsinje kokhakokha? Ukukapereka uthenga kwa abale ako a m'tchire, eti?"

Sebastiano anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Kuseka kumeneko ndiko kunamupalamulira.

"Inu a Andrea, simukundidziwa ine? Ndikukonzekera mpikisano. Funsani aphunzitsi a Goodwell."

"Ndikukudziwa bwino. Unabadwira kutsidya iwe. Poti miyendo ikukuyabwa, tikuthandiza. Nyonyomala. Gwira makutu. Udumphe ngati chule mpaka pamsewu."

Sebastiano anapempha. Anawaonetsa bondo, anati amukwapule kumsana momwe angafunire koma mwendo ausiye. Ndodo inatera paphewa. Ananyonyomala n'kuyamba kudumpha. Anthu ochokera kuminda anaima m'mbali mwa njira, makasu pamapewa, anthu omwe ankakuwa dzina lake pabwalo la mpikisano. Ena anayang'ana pansi, ena anapitiriza ulendo ngati aona mbuzi ikukokedwa kupita kumsika. Akagwa ankamudzutsa ndi ndodo. Asanafike pamsewu anamva kuti phwa! m'kati mwa bondo, ngati chingwe cha ngolo chaduka. Anagwa chammbali ndipo ndodo sizinamudzutsenso.

Anamukokera m'kachipinda kosungiramo matumba kuseri kwa ofesi ya nthambi. Mmawa mwake a Goodwell anabwera atavala tayi, chipewa chili m'manja, akulankhula motsitsa mawu ngati alowa pamaliro. Anafotokoza za kampu, za mpikisano, za ulemu umene mnyamatayu akanabweretsa kuchigwa. Andrea anamvetsera akutokosa m'mano.

"Akanandiuza kale," anatero. "Munthu sangamangothamanga m'dera langa ine osadziwa. Mutengeni. Athokoze kuti sitinamupititse patsogolo."

A Goodwell anawerama n'kunong'oneza Sebastiano kuti anene zikomo.

"Nkhabe," anayankha Sebastiano m'Chisena cha mayi ake, mokweza kuti onse amve. Kukana kwake kunali komweko.

A Goodwell anathokoza m'malo mwake, kawiri konse, n'kumukweza pa njinga. Sebastiano ankadziwa kuti aphunzitsiwo amupulumutsa, koma zikomo uja ankamuwawa kuposa bondo.

Kuchipatala anamanga mwendo, koma sunabwererenso mwakale. Tsiku la mpikisano anakhala pakhonde la golosale kumvera wailesi. Wopambana anali mnyamata amene ku kampu ankatsalira kumbuyo kwake pachitunda chilichonse. Anthu pagolosalepo anawomba m'manja. Sebastiano anadzuka, anafika kunyumba, natenga nsapato zansalu zija kukaziponya m'chimbudzi. Rute anangomuyang'ana.

Mabelo sakanathanso kusenza. Anaphunzira kukonza njinga, nakhazika kabenchi pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi msika. Ntchito ankaidziwa, koma ankalankhula mwaukali ndipo sankaseka ndi munthu. Kutchalitchi ankapita, koma ikafika nthawi yopatsana moni wa mtendere manja ankawapinda pachifuwa. Rute ankamudandaulira kuti mkwiyo udzamudya chiwindi.

"Undidye," ankayankha. "Wondilanda mwendo akuyenda ndi miyendo iwiri, ndiye ine ndizimwetulira?"

Zaka zinapita. Pofika kumayambiriro kwa 1993 mphepo inali itatembenuka. Anthu anayamba kulankhula poyera zimene kale ankanong'onezana, anyamata a ndodo aja anabalalika, ndipo Andrea anatsala wapampando wa mipando yopanda anthu. Tsiku lina la msika anatulukira akukankha njinga yopindika gudumu, mtolo wa nsomba zouma uli pakaliyala.

"Achimwene, tandikonzerani. Zakale zinapita," anatero.

Sebastiano anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatsitsa mtolo, anagadabuza njinga n'kuyamba ntchito. Anachotsa magudumu, anamasula masipoko onse limodzilimodzi, anavula tcheni, mapedulo, mahandulo ndi chishalo, mpaka timipira tachitsulo ta m'kati mwa mahabu a magudumu anatikhuthulira m'chivindikiro cha chitini. Andrea anakhala pabenchi akusimba za kudula kwa zinthu, osazindikira kanthu. Zonse zitayalidwa pa chiguduli, Sebastiano anapukuta manja, nalonga masipanala ake m'bokosi.

"Ndaweruka," anatero.

"Nanga njinga yanga?"

"Ndi imeneyo. Palibe chasowa. Nyamulani."

Andrea anadzuka nayang'ana uku ndi uku kufuna womuthandiza. Amayi ogulitsa nsomba anali ataima kale kuonerera. Mmodzi anayamba kuseka, ena n'kulandira, mpaka mzere wonse wa nsomba. Sebastiano sanaseke nawo. Anawayang'ana iwonso ndi diso lomwelo, pakuti zambiri mwa nkhopezo ankazikumbuka: zinali m'mbali mwa njira tsiku lomudumphitsa lija. Anasenza bokosi lake paphewa n'kutsimphina kulowera kunyumba dzuwa likadali pamutu, Andrea atagwada m'fumbi kutolera timipira tomwe tinali titamwazika chivindikiro chija chitapendeka.