Kubuula kwa Bambo ndi Zingwe za a Faraji

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga anadwala sitiroko. Tinkakhala ku Lewisham mumzinda wa London, m'fulati ya pamwamba yomwe inkanjenjemera sitima ikamadutsa. Bambo anathawa ku Malawi akali mnyamata pa nkhani za ndale, ndipo anali munthu wokonda mtsutso, wosatopa kulankhula. Atatuluka m'chipatala mawu onse anali atapita. Chinatsala n'kubuula kotuluka pakamwa popotoka, ndipo ine ndinkakuopa.

Mayi anali nesi. Akakhala pa shifiti, bambo ankatsala ndi mayi wina wosamalira odwala, ine ndikaweruka kusukulu ndinkafikira kwa a Faraji, nkhalamba ya ku Syria ya khomo loyang'anana ndi lathu. M'nyumba mwawo munkamveka fungo la khofi wowawa ndi fodya. Anali ndi udi, choimbira cha zingwe chonga gitala koma cha mimba yobulungira ngati chipanda, khosi lake losalala lopanda timizere tosonyeza poika chala.

Ine ndinkaphunzira kiyibodi kutchalitchi, choncho nditawamva akuimba koyamba ndinawauza kuti chingwe china chakhwefuka.

"Sichinakhwefuke," anatero. "Liwu limeneli pa kiyibodi yako palibe. Limakhala pakati pa batani loyera ndi lakuda."

Anandiphunzitsa kuti nyimbo za Aarabu zimamangidwa ndi tizidutswa ta mawu atatu kapena anayi. Kachidutswa kamodzi amati jins, ndipo ukalumikiza tiwiri umapeza maqam, njira imene nyimbo imayendamo. Kalikonse kali ndi dzina ndi mtima wake. Rast ndi kaulemu, Bayati ndi ka pakhomo, kofunda. Ankandigwira chala n'kuchisuntha pang'onong'ono pa chingwe.

"Apa ndi mmene amaimbira a ku Cairo. Kweza pang'ono. Basi, wafika kwathu ku Aleppo."

Komwe ndinkadana nako kanali Saba: mawu anayi opanikizana, lomaliza losafika pomwe khutu likudikira.

Loweruka lina la mvula a Faraji anagogoda kwathu atanyamula udi, akuti adzaone wodwala. Mayi anawakokera mpando pafupi ndi bambo. A Faraji anamanga zingwe modekha, kenako anayamba Saba yemweyo. Posakhalitsa bambo anayamba kubuula, mokweza kuposa masiku onse.

"Siyani, a Faraji, mukuwapweteka!" ndinakuwa.

Sanasiye. "Khala pansi umvetsere, mwana wanga. Akunditsatira."

Ndinamvetsera. Udi ukakwera, bambo ankakwera nawo. Ukatsika, ankatsika. Atafika pa liwu la pakati lija analigwira ndendende, n'kukhala pomwepo mpaka mpweya unawathera, malovu ndi misozi zikutsikira limodzi pachibwano. Mayi anali chiimire pakhomo la kukhitchini.

"Adadi ako ankaimba kwaya iwe usanabadwe," anatero. Kenako analowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti tisawamve.

Kuyambira tsiku limenelo ndikaweruka ndinkayamba ndakhala ndi bambo. Pang'ono ndi pang'ono khutu linatseguka. Kubuula kwa ludzu kunali kwakufupi ndi kotsika. Kwa kuzizidwa kunkanjenjemera kumapeto. Panalinso kwina kokwera pang'ono, kofewa, komwe ankatulutsa ndikangolowa pakhomo. Ndinauza mayi kuti limenelo ndi dzina langa.

Bambo anamwalira chisanu chisanathe. Tinawaika ku London konkuno, m'dothi lakuda lonyowa, kumudzi asanapondeko kachiwiri. A Faraji anaimirira kumbuyo kwa anthu, chipewa kumanja. Sipanapite zaka zambiri manja awo anayamba kunjenjemera, mutu nawo n'kumaiwala, ndipo anawatengera ku nyumba yosungira okalamba ku Edmonton, kumpoto kwa London. Ine ndi mayi tinakwera basi kukawaona. Udi anali atautenga mphwawo. A Faraji anandiyang'ana mwaulemu ngati mlendo, n'kundifunsa ngati ndabwera kudzawapatsa mankhwala.

Lero ndine wamkulu, ndipo udi sindinaudziwe kuimba. Ndimangodziwa kuti munthu mawu akamuthera samakhala atasiya kulankhula, amasowa womvetsera basi. Bambo anga analankhula nane mpaka sabata yawo yomaliza, ndipo ndinamva zambiri. Zomwe ankanena miyezi yoyamba ija, ndikudutsa mothamanga pakhomo la chipinda chawo, palibe amene angandiuzenso.