Kolido ya Alamu Anga

Alamu anga, amene ku bwalo la gofu amawatcha a Chikwama, akalambira pa ntchito yonyamulira mabwana ndodo. Phewa lamanja linachita kutsika. Koma maso awo, musanene. Akanjuta pa gilini, kapinga wosalala wozungulira dzenje uja, amaona komwe nthaka yapendekera ndi komwe udzu wagonera, n'kunong'oneza bwana kuti, "Lozani kumanzere pang'ono, osalimbitsa dzanja." Kampira n'kulowa, anthu n'kuwombera m'manja bwanayo. Eni maso ayi, ngakhale kumenyako kampira pabwalopo sankaloledwa.

Chaka chatha akuluakulu a kalabu anati antchito apikisane kulowetsa kampira m'dzenje, wopambana azisewera Lolemba lililonse ngati munthu. Alamu anasiya ndi macheza omwe. Anayala kapeti yakutha m'kolido ya kunyumba kwawo, kugoneka kapu kumapeto, n'kumagogoda kampira ndi ndodo yotayidwa. Mpikisano usanafike, kapu ija sinkaphonyedwanso. Ine ndinalengeza msewu wonse kuti nkhani yatha.

Tsikulo ndinalipo. Alamu ananjuta, anawerenga gilini bwinobwino, koma pomenya dzanja linakankhira kumanja. Kampira kanadutsa dzenje ngati sakudziwana. Kachiwirinso chimodzimodzi, mpaka kumapeto. Mabwana omwe aja amene amadyera maso awo ndiwo anayamba kuseka. Mlonda anachita kundigwira malaya kuti ndisawayandikire. Anapambana ndi khukhi wa kalabu, munthu wogwira ndodo ngati akupha khoswe.

Mawa lake ndinaika kampira m'kolido muja osakakhudza. Kanayamba kokha ulendo wa kumanzere, kulowera kukhomo. Ndiye kuti miyezi yonse ija manja a alamu ankaphunzira kulimbana ndi simenti yokhota. Ndinapita kwa mmisiri amene anamanga nyumbayo, ndinamupeza ali pa makwerero.

"Tsikani, bambo. Munaika simenti ija ndi maso kapena ndi mowa?"

"Mwadzuka bwanji kaye," anatero osatsika. "Kolido ija ndinaipendeketsa dala. Achemwali anu ndiwo anandiuza kuti madzi okolopera azituluka okha."

Ndinabwerera nawo mkwiyo wanga kwa achemwali. Ndinawapeza akukolopa.

"Achemwali, mwamuphera mwamuna wanu Lolemba lake."

"Amene amakolopa muno ndani, iwe kapena iye? Akanandifunsa ndikanamuuza. Munthu woona kupendekeka kwa udzu wa eni ake, m'nyumba mwake osaona. Kweza mapazi."

Ndinakweza. Alamu anali pampando, akupukuta nsapato.

Akuti chaka chino mpikisano kulibe, akuluakulu anati unangodetsa gilini. Lolemba lililonse khukhi amasewera, ndipo chifukwa sadziwa kuwerenga nthaka, anapempha womunyamulira chikwama. Anamupatsa alamu anga. Amamunong'oneza zoona zokhazokha, ndipo ndi chimenecho chimandiwawa. Ine ndikanamulozera m'tchire.