Phula la a Geresomo

Ku Makhanga mukafunsa za a Geresomo, anthu amayamba aseka kaye, kenako n'kukulozerani padoko. Bambowa ndi mmisiri womata mabwato, ndipo akaona mng'alu pa chinthu chilichonse manja amawayabwa. Ine sindiseka nawo kwenikweni, chifukwa ndikudziwa kumene zinachokera. Madzi osefukira a 2015 anawasunga masiku awiri mumtengo wa mango, akuonerera mbuzi zawo zikupita. Chitsikireni mumtengomo sakhulupirira bowo. Ngakhale zenera la nyumba yawo analitseka ndi njerwa, moti akazi awo, a Maness, mwezi wa Okutobala amangokhalira kudzikupiza ndi chitenje pakhonde.

Bungwe lina litaika nyale zinayi za sola padoko, komiti inasankha iwowa kuti azizisamala. Msana unali utayamba kale kuwakaniza kuweramira mabwato, ndiye ntchitoyi ndi yokhayo inkawadyetsa. Tsiku loyamba anakwera makwerero, napeza mabowo ang'onoang'ono pansi pa bokosi la nyale ndi nthiti zachitsulo kumsana kwake. Anapukusa mutu. Opanga zinthuzi Shire samudziwa! Anatenthetsa phula, namata nyale zonse zinayi ngati bwato latsopano.

Dzuwa la kuno silinyengerera munthu. Nyale yoyamba inayamba kuwala mwaulesi, kenako zii. Yachiwiri chimodzimodzi. A Geresomo anati n'chinyezi, nawonjezera phula. Yachitatu itafa, komiti inawauza mosapsatira mawu kuti yotsalayo ikangozima, makwerero apereke kwa wina.

Imelda, mtsikana wodziwa zamagetsi wa ku Bangula, anawoloka pabwato kudzaona vutolo. Atakanganula bokosi limodzi, munatuluka fungo la pulasitiki yopsa.

"Bambo, nyalezi mwachita kuziphika," anatero. "Timababu ta LED timatentha kumbuyo kwake. Nthitizi n'zotayira kutenthako, mabowowa ngopumira. Anawaboolera pansi dala kuti mvula isalowe."

"Nkhabe, mwananga," a Geresomo anakana. "Madzi ine ndimawadziwa. Salowera pamene ukuganiza iwe."

"Madzi mumawadziwadi, koma izi zafa ndi kutentha kwake komwe. Palani phulalo pa yotsalayi, apo ayi Khirisimasi siifika."

Anawapatsa mpeni, n'kuima pansi kudikira. A Geresomo anapala, thukuta lili kamukamu. Bowo lililonse likatseguka nkhope inkachita tsinya ngati akuboola bwato ali pakati pa mtsinje. Kunena zoona, anandimvetsa chisoni.

Nyale ija inawala bwino masabata atatu. Kenako mitambo inayamba kusonkhana cha ku Mozambiki. A Geresomo anasiya kudya bwino. Ankangozungulira mzati wa nyaleyo, khosi lili m'mwamba, kuyang'ana mabowo aja. Mvula yoyamba inagwa Lachinayi masana, yosakwana n'kupha fumbi komwe.

M'mawa mwake a Maness anawapeza ali pamwamba pa makwerero, chitini cha phula chikufuka utsi.

"Bambo a kunyumba, si paja mtsikana uja anati mukamata ifa? Tidzadya chiyani?"

"Ndinamva," anayankha osacheuka. "Ndipo ananena zoona."

Komabe anamata bowo loyamba.