Ndinavomereza kuti mawu a amalume afufutidwe

Inu owerenga, theka la munda wa amayi anga ku Milepa linapita chifukwa cha ine, ndipo ntchito yonseyo ndinaigwira ndi chala chimodzi.

Ku koleji ndinakhalako chaka ndi theka, kenako ine ndi mayeso tinasiyana mwamtendere. Kwathu zimenezo zinakwanira kuti ndikhale katswiri wa mafoni. Amalume, mwini mbumba yathu, atadwalika, amayi anati, "Iwe wasukulu, ajambule mawu achimwenewa, atchule malire a munda akadali ndi mpweya."

Ndinaika pulogalamu yojambulira mawu. Isanatseguke inatulutsa chikalata cha Chingerezi, timalemba take ting'onoting'ono ngati utitiri. Ndinatsetsereza chala katatu, chikalata osatha. Ndinadina povomereza, nkhope ili ngati ya loya. Amalume analankhula momveka, Chinyanja chosakaniza ndi Chilomwe: kuyambira pachulu, kudzera pamango, mpaka kukhwawa. Patangotha milungu iwiri tinawaika m'manda.

Dzinja lotsatira a Namate, oyandikana nafe munda, anaunga mizere kupyola chulu. Mabanja awiri anakhala pansi. Ndinaimirira, ndinatsokomola, n'kutsegula foni. Munalibe kanthu.

"Kodi malemuwo akuchita manyazi, aphunzitsi?" anafunsa a Namate.

Anthu anaseka. Amayi sanaseke. Posowa umboni, mundawo anaudula pakati.

Chikalata chija ndinachiwerenga mawa lake, chonse. Chakumapeto analemba kuti mawu sasungidwa m'foni koma kwa eni pulogalamuyo, ndipo ukatha miyezi itatu osalowa pa intaneti amafufuta. Ife timagula bandulo nandolo akagulidwa basi. Ndime yotsatira inati iwo alibe mlandu, wodandaula akasume kudziko lakwawo. Ndafufuza, a kabaza safika kumeneko.

Ndinalakwa, sindikukana. Koma munthu wofuna kuti umve sabisa mfundo yaikulu kunsi kwa masamba, m'chilankhulo choti ngakhale amene anandilepheretsa mayeso angatuluke nacho thukuta. Kumeneko si kugwirizana, n'kutchera.

Choncho musanadine, funani pamene akunena za kusunga ndi kufufuta. Ngati simukumva, lekani, ngakhale mudzi wonse ukukuyang'anani. Mawu a munthu wodwala alembeni papepala, asainire, mboni zilipo.

Amayi sanandikalipirepo. Koma foni yawo ikavuta, amaimanga pachitenje n'kupita nayo kwa okonza mafoni kumsika wapansi, kundidutsa ndili pakhonde.