Mng'ono Wanga ndi Dengu la Matemba

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Mng'ono wanga anapitirira mpaka ku yunivesite, nayamba kuphunzitsa za chuma. Kuti amukhazikitse pa ntchito, akuluakulu ake anamuuza kuti achite kafukufuku: nsomba za kuno ku Chilwa zimayenda bwanji kuti zikafike m'tauni. Akanalephera, ntchito ikanatha.

Anabwera atavala jekete ndi tayi, kope lili m'manja. Anapita padoko n'kuyamba kufunsa asodzi ongofika kumene: "Mwapha zochuluka bwanji lero?"

Analakwa pawiri. Kwathu msodzi safunsidwa zimenezo nsomba zikadali m'bwato, amati mwayi umathawa. Komanso masiku amenewo munthu wolemba m'kope tinkamudziwa: wofuna makadi a chipani, kapena kazitape. Aliyense ankangoti, "Palibe, bwana, nyanja inauma." Akunena choncho madzi ali m'mawondo. Sabata zitatu zinatha, kope lili loyera.

Anandipeza ndikumanga dengu panjinga.

"Achimwene, anthu anuwa sakufuna kuyankhula."

"Anthu anga? Iwe unabadwira kuti?"

Kenako ndinamuuza zochita.

"Vula tayiyo. Kope usiyire alamu ako. Mawa ukwera njinga."

Ndinamubwerekera njinga n'kumupatsa dengu la matemba ouma kuti amange yekha. Tinanyamuka m'mawa. Pa minda ya mpunga ya ku Likangala matope anagwira matayala. Tinakankha. Pachitunda dengu lake linapendekeka, matemba mbwee mumsewu. Amalonda anzanga anaseka mpaka kukhala pansi.

"Aphunzitsi, lembani zimenezo!" anakuwa mmodzi.

Anatola yekha, limodzilimodzi. Sindinamuthandize.

Miyezi iwiri anayenda nafe: ku Zomba, ku Songani, n'kubwerera. Manja anatuluka matuza. Sanafunsenso funso. Koma munthu amene wakankha nawe njinga m'matope sumubisira kanthu. Anthu anayamba kumuuza okha: mmene nsomba zimaonongekera mvula ikadula msewu, amene amazigula kumsika, chimene chimathawitsira ana awo m'tauni. Akafika kunyumba ankalemba, osatchula dzina la munthu aliyense. Nanenso ndinamuchenjeza zimenezo.

Buku la kafukufuku wake linatha. Tsiku lokalifotokoza pamaso pa akuluakulu a yunivesite anandiitana. Chingerezi chinandipitirira, koma amene ndinakhala naye pafupi ankandimasulira. Mkulu wina wa magalasi anafunsa mwaukali kuti zonsezi anazidziwa bwanji, poti anthu akumudzi sauza mlendo zoona.

Mng'ono wanga sanatsegule buku. Anatambasula manja kuwaonetsa zipsera. Kenako analoza ine, nati ndiimirire. Ndinaimirira. Onse anawomba m'manja, wa magalasi uja nayenso.

Ntchito anamukhazikitsa. Anaphunzitsa mpaka kumera imvi, ndipo ophunzira ake ankawatumiza kwa ine asanagwire kope.

Potuluka tsiku lija anandifunsa, "Achimwene, mwaona bwanji?"

"Dengu umamangabe mopendekeka," ndinatero.

Njira yonse yobwerera kunyanja ndinapalasa ndikuimba mluzu.