Ndinalemba 6 Firiji Ili pa 27

Ntchito anandipezera ndi alamu anga, amene ankayendetsa thirakitala pa esiteti ina ya fodya ku Simlemba. Kumeneko kunali kachipinda ka dokotala wa ziweto, anthu ankangoti labu. Ankafuna munthu wolemba manambala. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, koma manambala ndimalemba ooneka. Ananditenga.

Dokotalayo anali Mayi Nyirenda. Ankabwera kawiri pa mwezi kuchokera ku boma. Anandionetsa firiji ya katemera ndi themometa yake, ya kawaya kolowa m'kati. Imaonetsa manambala atatu: ya nthawi yomweyo, yotsikitsitsa ndi yokwereratu. Anati ndiziwerenga 7 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo, kulemba pa pepala la pachitseko, kusaina, kenako kudina batani kuti iyambirenso. Kuyambira 2 mpaka 8 zili bwino. Ikapitirira, cholembera chofiira, n'kuwaimbira foni.

"Muzilemba zimene mwaona, a Banda, osati zimene mukufuna."

M'firijimo munalinso kabokosi koyera ngati ka machesi. Sindinafunse ntchito yake.

Lolemba lina m'mawa ndinapeza pulagi ya firiji ili pansi. Mu soketi munali waya wautali wopita kuchigafa. Kapitawo wathu, a Kamanga, ankawotcherera jeke yodindira mabelo Loweruka madzulo, pulagi osabwezera. Themometa inkati 27.

Ndinatenga cholembera chofiira. A Kamanga analowa, anaona, anandiwaza mbama mpaka khutu linalira.

"Lemba 6, galu iwe! Ukufuna undichotsetse ntchito?"

Anandigwira pakhosi n'kundikanikizira kukhoma. Alamu anga ankagwira ntchito pansi pawo. Ndinalemba 6, ndi cholembera chabuluu. Ndinadina batani, 27 inafufutika.

Sabata yomweyo tinapita ndi katemera wa chitopa kunyumba za matenanti. Ndinkadontheza ndine m'diso la nkhuku iliyonse, ndikudziwa kuti mwina ndi madzi chabe. Anthu amenewo ndi a ku Phalombe ndi ku Mulanje. Munda si wawo, nyumba si yawo. Chawo ndi nkhuku basi. Chaka chilichonse kukayamba kutentha ankazigulitsa msanga chitopa chisanafike. Chaka chimenecho tinawauza kuti asunge, zatetezedwa.

Patapita miyezi iwiri chitopa chinafika. Nkhuku zinagwa khola ndi khola, makosi opindika, zotemera zomwe. Tsiku lina masana anthu anabwera ku ofesi atanyamula nkhuku zakufa. A Kamanga anandiloza.

"Wa firiji ndi uyo. Anadonthezanso ndi yemweyo."

Mayi wina anandiponyera tambala wonunkha kumaso. "Unati tisagulitse iwe! Ana anga adya chiyani?"

Mpini wa khasu unatera pamsana. Ndinagwa. Kenako mateche ndi zidutswa za njerwa. Ndinatchinga mutu ndi dzanja lamanja, zala ziwiri zinathyoka, ndinazimva. Mano awiri ndinawalavulira m'fumbi. Wina ankakuwa kuti abweretse petulo. Alamu anga analowa pakati pawo ndi thirakitala, anthu anabalalika. Anandiponya m'ngolo ngati belo, ulendo wa kuchipatala.

Nditatuluka, Mayi Nyirenda anandiitanira ku labu. Anatenga kabokosi koyera kaja n'kukalumikiza ku kompyuta. Ndi pamene ndinadziwa kuti kamalemba kokha kutentha kwa m'firiji, ola lililonse. Panaoneka mzere wogona, kenako phiri, kuyambira Loweruka lija mpaka Lolemba. Anaika pepala langa pambali pake.

"Makina akuti 27. Pepala likuti 6. Wanama ndani?"

"Ndine."

"Anakutumani ndani?"

Ndinawatchula.

"Mukanaimba foni, ndikanataya mabotolo aja n'kubweretsa ena. Nkhuku zija bwenzi zilipo."

 

A Kamanga anawachotsa ntchito. Ine anandisiya. Mayi Nyirenda anati panopa palibe wodziwa ntchito ya pepalalo kuposa ine. Mayi wa tambala uja anabwerera kwawo fodya asanawokere. Sindinamupepese, ndipo zimandiwawabe kuposa msana.

Zala zinapola zokhota. Cholembera ndimagwira movutika, koma manambala amaonekabe. Chofiira chimakhala m'thumba la malaya. Chaka chatha magetsi anazima nthawi yaitali, themometa inafika 11. Kapitawo watsopano anasuzumira pakhomo.

"Aa, madala, tangolembani 8. Adziwa ndani?"

Ndinamuonetsa dzanja langa. Ndinalemba 11, n'kuimba foni.