Duwa la M'mbali mwa Msewu wa Luwawa

Chaka chimene fodya wanga anapsa ndi dzuwa ndisanathyole ngakhale tsamba limodzi, ndinauza mkazi wanga NyaJere kuti ndikupita ku Joni. Anali akutsuka mwana wathu Tiyezge. Sanatembenuke.

"Mbwenu pitani," anatero.

Ndinakapeza ntchito yosamala maluwa kwa mayi wina wachizungu. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, ndipo masiku ena munthu yekha amene ndinkalankhula naye anali mayiyo. Ndalama ndinkatumiza. Mawu ndi amene ankandivuta. Ndikaimba foni tinkakamba za feteleza ndi malata, kenaka zii, aliyense kudikira mnzake.

Mvula ikamatha, m'mbali mwa misewu ya kumeneko munkachita maluwa ofiirira ndi oyera, timitengo tofika m'chiuno, masamba ang'onoang'ono ngati ulusi. Tsiku lina ndinathyola limodzi n'kukafunsa abwana. Anati ndi kosimosi. Anandionetsa pozindikirira: timasamba ta duwa tisanu ndi titatu, tonga todulidwa ndi lumo kunsonga, pakati pachikasu. Anati si la ku Joni, linachokera kutsidya kwa nyanja, limakonda pamene nthaka yakumbidwa, ndipo limauma chaka chomwecho. Ndinkati ndikadzabwerera ndidzafotokozera a kwathu za duwa limeneli.

Ndinabwerera patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Nyumba ya malata inalipo. Tiyezge anandigwadira popereka moni ngati ndine mlendo wa kutchalitchi. Mbuzi, munda, sukulu, zonse zinkayenda popanda kundifunsa. Ndinkadzuka, kuzungulira pabwalo, kupita ku Boma popanda chokagula, kubwerako. Pasipoti sinachoke m'thumba la jekete.

Loweruka lina ine ndi NyaJere tikupita kwa apongozi cha ku Luwawa, ndinaima mwadzidzidzi. Pamene magalimoto a matabwa anagumula msewu panali maluwa aja. Ndinagwada n'kuwerenga timasamba. Tisanu ndi titatu.

"NyaJere, taona! Awa ndi a ku Joni. Afika bwanji kuno?"

NyaJere anayang'ana maluwawo.

"A ku Joni? Ine ndinkathyola awa ndili kupulaimale. Tsiku limene munabwera kudzandifunsira munadutsa pomwe pano."

Sindinkakumbukira. Masiku amenewo ndikamayenda maso anali kutsogolo, kumene basi imachokera.

"Mwandidabwitsa chomene," anatero, akukonza mtolo pamutu. "Mudziwa kuwerenga masamba a duwa. Nanga mwana wanu ali kalasi yanji?"

Ndinati folo. Anali faifi.

Sanakalipe. Anangopitiriza ulendo, ine pambuyo. Titayenda pang'ono anati, osacheuka, "Lolemba kusukulu kuli msonkhano wa makolo. Zaka zonsezi ndimakhala ndekha pabenchi. Ngati basi yanu sinyamuka tsiku limenelo, ndapota, mupiteko ndinu."

Lolemba ndinapita. Aphunzitsi anandifunsa kuti ndine bambo wa ndani.